Usipa wa 2 Koloko Usiku

Pali matenda amene amagwira Mmalawi akangotsika ndege pa Heathrow, ndipo ine anandigwira koopsa. Ndi matenda ochulukitsa. Ukaona mtengo wa chinthu, kaya ndi buledi kaya madzi a m'botolo, mutu umayamba wokha kuwerengera kuti kwathu amenewa ndi makwacha angati, basi dzanja limene linayamba kutambasuka n'kubwerera m'thumba. Ndinafika ku London mu Seputembala 2023 kukachita digiri yachiwiri, ya chaka chimodzi, paundi imodzi ili cha m'ma K1,400. Zonse zimene ndiulule pano zinachokera ku masamu amenewa. Sindinabe cha munthu, mowa sindinalawe. Ndinkangofuna kusunga ndalama ndi kudya nsima, koma mumzinda umenewu zinthu ziwirizi siziyendera limodzi.

Nthawi imeneyo, kuti upatsidwe chiphaso cha mwana wa sukulu wokakhala mu London, boma la Britain linkafuna umboni woti uli ndi £1,334 ya mwezi uliwonse. Amene ankandilipirira sukulu analemba kalata yotsimikiza zimenezo, ine n'kuiiwala patebulo kwa malume ku Area 25. Malume anaiwerenga, anatenga foni, nachulukitsa. Atamaliza anavula magalasi n'kundiyang'ana ndi ulemu umene sanandipatsepo chibadwire changa. Sindinawauze kuti ndalama zambiri pamenepo zidzathera lendi ya kachipinda koti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri, pa hositelo ina chakufupi ndi Finsbury Park. Sindinawauze chifukwa nanenso ndinali ndisanadziwe.

Amayi anachokera ku Nkhotakota dala kudzandilongedzera katundu. Anaikamo ufa woyera, mpunga wa Kilombero, tsabola wa Nali, mthiko ndi chipande zatsopano, ndi usipa wouma wokulunga m'majumbo atatu ophatikiza. Malamulo a ku Britain amalola munthu kulowa ndi nsomba zouma mpaka makilogalamu 20, koma nyama ndi mkaka ayi, choncho mbewa zimene azakhali anabwera nazo pa bwalo la ndege la Kamuzu anabwerera nazo okha, akung'ung'udza kuti azungu sadziwa ndiwo. Pa Heathrow, poopa kumangidwa, ndinalowera njira yofiira, ya anthu okhala ndi katundu woti aonetse. Mayi amene ndinamupeza pamenepo anatsegula jumbo ya usipa, anatsinzina pang'ono, n'kuimanganso msanga. Chimene chinamuimitsa mutu ndi mthiko. Anautembenuza uku ndi uku n'kufunsa ngati ndi wosewerera mpira wamtundu wina. Ndinamuonetsa mmene timavundulira nsima, ndi mapewa ndi chiuno chomwe, anthu a mitundu yonse akudutsa ndi masutikesi awo. Anandiuza kuti ndizipita.

Za m'kalasi sindikamba zambiri, chifukwa kumeneko ndinkachita bwino ndithu. Chimene chinandivuta n'choti mphunzitsi wamkulu, munthu wa imvi wolemba mabuku, ankafuna kuti tizimutchula dzina lake loyamba. Pakamwa panga panakana. Ndinatha miyezi ndikuyamba chiganizo chilichonse ndi kutsokomola kuti atembenuke. Laibulale ndinkaikonda kwambiri mpaka anzanga ankandiyamikira khama, osadziwa kuti ndinkatsatira kufunda kwaulere.

Mabasi ofiira a ku London analeka kulandira ndalama ya m'manja mu 2014. Umagunditsa khadi, la Oyster kapena la kubanki, pa kachipangizo kachikasu pafupi ndi dalaivala, n'kudulidwa £1.75 pa mtengo wa nthawi imeneyo, ndipo ukasintha basi ola lisanathe sulipiranso. Lamulo limeneli ndinalikonda mpaka linandiwononga. Sitima zapansi panthaka ndinazisiyira anthu olemera. Loweruka lina, pofuna kukajambulitsa ku Greenwich, ndinalimba mtima n'kukwera DLR, sitima yoyenda yopanda dalaivala, ndipo ndinakhala kutsogolo kwenikweni pamodzi ndi ana. Polowa ndinagunditsa khadi. Potsika ndinapeza palibe chipata, palibe mlonda, njira ili pululu. Ndinati lero Mulungu wakumbukira wosauka, n'kudutsa mwachangu. Koma kompyuta ikapanda kudziwa kumene munthu watsikira imamudula mtengo wapamwamba kwambiri. Ndinaziona madzulo pa foni, ndinachulukitsa, n'kugona ndi tiyi wopanda mkaka.

Ufa wa amayi unatha mu Okutobala. M'sitolo ina yaikulu ndinapeza kapaketi kojambulidwa chimanga, mkati mwake ufa woyera mbee, wosalala kuposa wa kuchigayo chilichonse cha kwathu. Safunsa anadya phula. Ndinatereka madzi, ndinathira, ndinayamba kutakasa, ndipo chimene chinatuluka ndi chinthu chonanda, choonekera mkati, chimene chinagwira mthiko osafuna kuutaya. Ufa umenewo ndi sitachi wokhwimitsira msuzi, amangothira kasipuni. Ine ndinakhuthulamo paketi yonse. Mnyamata wa ku Nigeria amene tinkagawana naye khitchini anaseka mpaka kutsamira furiji, kenako n'kundiuza kuti ufa weniweni, wa Iwisa wochokera ku South Africa, ndikaupeza ku Brixton, m'masitolo a kumsika. Anati ndikwere Victoria line pa Finsbury Park pomwepo, ndikatsikire kumapeto kwake, theka la ola silikwana.

Ndinafunsa mtengo. Sitima inali £2.80 nthawi yopanda chipwirikiti, basi £1.75. Ndinachotsera, ndinachulukitsa, ndinasankha basi. Pakati pa mzinda magalimoto anangoti ndii, osasuntha, ola n'kutha ndisanawoloke Thames. Basi yotsatira inandidulanso £1.75. Ndiye kuti ndinalipira £3.50 pothawa £2.80, ndi kutayirapo tsiku lathunthu. Pobwerera, thumba la makilogalamu 10 lili paphewa, ndinakweranso mabasi omwewo, ndikuti mwina ulendo uno msewu utseguka. Sunatseguke.

Lamlungu la pa 29 Okutobala nthawi inabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, monga amachitira chaka ndi chaka Lamlungu lomaliza la mweziwo. Foni inasintha yokha. Ine ndinakhulupirira wotchi ya malemu bambo, yomwe sinanamepo, n'kuganiza kuti foni yayamba kufa. Ndinaima pakhomo la tchalitchi chokhoma, mvula ikuwaza, ndikudandaula mumtima kuti chikhristu chinatheradi ku Ulaya. Kuyambira tsiku limenelo mdima unayamba kutilanda masana pang'onopang'ono, ndipo pofika Disembala dzuwa linkalowa 4 koloko isanakwane. Jekete yanga ya pakaunjika, yogula pa msika wa Tsoka ku Lilongwe, inasonyeza chifukwa chimene mwini wake woyamba anaitayira.

Kenako pa 9 Novembala Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, paundi n'kudutsa K2,000. Kwa ine palibe chimene chinasintha. Lendi inali yomweyo, buledi yemweyo. Koma pa gulu la banja la pa WhatsApp ndinalemera usiku umodzi. Vuto lina ndinalipalamula ndekha, chifukwa masiku omwewo ndinali nditatumiza chithunzi nditaima pa Tower Bridge, dzanja lili m'thumba, ndikuyang'ana patali. Mauthenga anayamba kugwa: fizi ya mlongo wanga, mankhwala a agogo, msuweni wofuna "kafoni kakale kamene simukukagwiritsa ntchito, achimwene". Munthu amene wajambulitsa pa Tower Bridge sanganene kuti alibe. Ndinayamba kufuna ganyu.

Chiphaso cha mwana wa sukulu chimalola maola 20 pa sabata nthawi imene makalasi ali mkati, osapitirira. Ndinapeza ntchito yotsuka mbale mu lesitilanti ina chakufupi ndi Leicester Square, £10.42 pa ola, malipiro otsikitsitsa amene lamulo linkalola kwa munthu wa msinkhu wanga. Kunyumba ndinati ndikuthandizira pa kampani ina ya zokopa alendo. Sindinaname kwenikweni, chifukwa mbalezo ankadyera alendo.

Tsopano za usipa. Khitchini yathu tinkagawana anthu angapo a maiko osiyanasiyana, aliyense ndi shelefu yake mu furiji. Tsiku loyamba limene ndinakazinga usipa masana, m'mawa mwake ndinapeza kapepala pachitseko cha furiji. Kanayamba ndi kupepesa, kanapitiriza ndi kuthokoza, n'kumaliza ndi kankhope komwetulira. Pakati pakepo panali pempho loti amene amaphika chinthu chija aziganizirako anzake. Dzina panalibe. Kwathu munthu akakwiya amakuuza pamaso, mumakangana, mawa mukumwera limodzi thobwa. Koma kapepala komwetulira ungakayankhe bwanji? Mnigeria uja ankaphika nsomba zake zouma masanasana akuimba, ndipo kapepala kakabwera ankakatembenuza n'kulembapo zokagula kumsika. Ine manyazi anandigwira. Ndinayamba kuphika usipa pakati pa usiku, onse atagona, ngati mfiti.

Lachisanu lina mu Disembala, sabata imene aliyense anali kalikiliki ndi ntchito zomaliza za teremu, ndinaweruka pakati pa usiku n'kukwera N29 pa Trafalgar Square. Ndi basi ya usiku yodutsa Camden Town ndi Finsbury Park. Ndinakhala chakumbuyo pofunda, ndinati ndingotsinzina pang'ono. Amene anandidzutsa ndi dalaivala, basi itaima ku Enfield, kumapeto kwenikweni kwa ulendo, kumpoto kwa mzinda kumene ndinali ndisanapondeko. Ola lija linali litatha, choncho pobwerera ndinalipiranso. Ndinalowa mu hositelo 2 koloko itadutsa, manja atauma ndi kuzizira, m'mimba mukulira.

Munthu wanzeru akanadya buledi n'kugona. Ine ndinavala kabudula ndi patapata, ndinatereka madzi a nsima, ndinaika chiwaya pambali, mafuta, usipa. Mawindo a m'mahositelo amenewa amangotseguka pang'ono, polowa dzanja lokha, kuopa kuti munthu angagwe, ndiye fungo linkangozungulira momwemo. Chitseko cha khitchini n'cholemera, chodzitseka chokha, ndipo pali kachikwangwani kabuluu konena kuti chizikhala chotseka nthawi zonse. Ndinachitchinga ndi mpando kuti mphepo idutse, fungo lithe kusanache, ndisadzaonenso kankhope komwetulira. Ndinadziyamikira nzeru. Phala litayamba kubwata, foni inalira.

Anali amayi. Nyengo yozizira Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, ndiye ku Nkhotakota inali itadutsa 4 koloko m'bandakucha, nthawi imene munthu amalawirira kumunda mu Disembala. Anaona kuti ndili pa intaneti. Poopa kudzutsa anzanga, ndinathamangira kuchipinda kwanga n'kutseka chitseko, mthiko uli m'manja.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka, kaya iwe. Nanga sugona bwanji? Wadwala kodi?"

"Ayi, ndikuwerenga."

"Uziwerenga, mwana wanga. Koma ukudya? Pachithunzi paja masaya alowa."

"Ndikudya bwino kwambiri, amayi."

Amayi anga sayamba ndi nkhani ya ndalama. Amayamba ndi mvula, kenako maliro a m'mudzi wonse, aliyense ndi matenda amene anamutenga, kenako mbuzi za aneba zimene zalowanso m'munda, ndipo feteleza amabwera kumapeto, mwaulemu, ngati wangodutsa. Kuwadula pakamwa sikutheka, ndipo kunena zoona sindinkafuna. Mawu awo anali chinthu chokha chofunda chimene ndinakumana nacho tsiku limenelo. Ndinakhala pabedi. Tinali titafika pa maliro achiwiri pamene nyumba yonse inakuwa.

Phokoso limenelo silimveka ndi makutu okha, limalowa m'mano.

"Kodi n'chiyani chimenecho?"

"Belu la sukulu, amayi."

"Usiku uno?"

"Kuno amaphunzira usiku. Ndiimbanso."

Ndinadzadziwa pambuyo pake mmene zinthuzi zimagwirira ntchito. M'khitchini amaikamo chipangizo chomva kutentha, osati utsi, podziwa kuti ana asukulu kupsereza ndi khalidwe lawo. Chomva utsi chili m'khonde. Chimene chimalekanitsa ziwirizi ndi chitseko chija, ndipo ine ndinatsegulira utsi njira ndi manja angawa, n'kuuikira ndi mpando womwe. Nditathamangira kukhitchini ndinapeza usipa wasanduka makala, phala lasefukira, utsi uli tolo. Lawi la moto panalibe. Ndinazimitsa chitofu, ndinakupiza ndi thaulo, ndinapemphera, koma belu limenelo likayamba silimva pemphero. Aliyense ayenera kutuluka, zikepe siziloledwa, nonse pamasitepe.

Kunja tinadzaza bwalo lonse. Ena anafunda mabulangete, ena matawulo, wina anatuluka ndi sopo kumutu. Mtsikana wina anakumbatira laputopu akulira kuti ntchito yake ikufunika 9 koloko m'mawa ndipo sanaisunge. Mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi, ine ndili mu kabudula ndi patapata, zala za kumiyendo zitaleka kundimvera. Fungo la usipa wopserera linatitsatira mpaka panjapo, ndipo anthu anayamba kufunsana m'zilankhulo zosiyanasiyana kuti chafa n'chiyani. Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandidzutsabe usiku. Ndinalowa nawo m'gulu la odandaula. Ndinapukusa mutu, ndinati anthu ena alibe chisoni, ndinati munthu wamkulu angaphike bwanji nthawi ngati ino anzake ali ndi mayeso. Ndinalankhula mokweza kuposa onse, ndikuloza mawindo a m'mwamba. Ndinkaloza ndi mthiko. Unali ndi phala.

Magalimoto a ozimitsa moto anafika, magetsi abuluu akuthwanima pamakoma. Amuna ovala zipewa zachikasu anakwera masitepe, ndipo patapita kanthawi mmodzi anatsika atanyamula chiwaya changa patali ndi thupi lake, n'kuchiika pansi pakati pa bwalo. Anafunsa mwini wake. Kunangoti zii. Mnigeria uja anayamba kuwerenga nyenyezi, ngakhale kumwamba kunali mitambo yokhayokha.

Mlonda wa usiku anali bambo wachikulire wa imvi amene ndinkangowapatsa moni wa Chingerezi ndikamadutsa. Anawerama, ananunkhiza chiwayacho, anayang'ana gulu lonse mmodzimmodzi, maso awo n'kudzatera pa mthiko. Anabwera pafupi nane n'kulankhula motsitsa, m'Chinyanja chokoka ngati Chishona.

"Mwana wanga, matemba sasiyidwa okha pamoto."

Miyendo inanditha. Anali a ku Zimbabwe, obadwira ku Harare. Bambo awo anachoka ku Dedza zaka za m'ma 1950 kukafuna ntchito ku Salisbury, osabwereranso, koma chilankhulo anawasiyira ana. Miyezi yonseyi ndinkadutsa munthu wakwathu pakhomo ndi moni wa mawu awiri.

"Bambo, ndithandizeni," ndinanong'ona. "Musalembe dzina langa."

"Makamera alemba kale. Ine chimene ndingathe n'kukubwereka jekete." Anavula yawo n'kundifunditsa. Kenako anayang'ana uku ndi uku. "Atsalako osapserera?"

Ndinawapatsa jumbo yathunthu m'mawa mwake. Si ziphuphu, poti palibe chimene anandichitira pa mlanduwo.

Kalata inabwera Lolemba. Anandiitanira mu ofesi momwe munali amayi awiri aulemu kwambiri, amene anayamba ndi kundifunsa ngati ndili bwino mumtima komanso ngati ndikusowa kwathu. Nditayamba kumasuka anatembenuza kompyuta. Ndinadziona ndekha ndikukoka mpando, ndikuukhazika pachitseko, ndikubwerera m'mbuyo kuti ndione ngati wakhala bwino, kenako ndikugwedeza mutu mokhutira. Ndinali nditakonza mawu ambiri onena za chikhalidwe ndi chakudya cha makolo, koma kugwedeza mutu kuja kunawameza onse. Anandilipiritsa chindapusa, ndipo nditachulukitsa ndinapeza kuti ndi ndalama zimene ndinkasungira feteleza wa amayi, n'kuonjezerapo zina. Anatinso ndikakhale nawo pa maphunziro a kapewedwe ka moto. Pa furiji panabwera kapepala katsopano. Kankhope komwetulira panalibe.

Maphunzirowo anachitika Loweruka lina m'mawa mu Januwale. Tinali anthu ochepa, aliyense ndi tchimo lake: wina anayatsa kandulo m'chipinda, wina anaveka sokosi chipangizo chomva utsi kuti asute fodya. Anatiphunzitsa kuti mafuta akayaka suthirapo madzi, umazimitsa chitofu n'kuvundikira ndi bulangete la m'kabokosi kofiira kopachikidwa pakhoma, kamene ine ndinkakayesa chokongoletsera. Pomaliza mphunzitsi anati pansanjika iliyonse pakufunika munthu wodzipereka, wothandiza kutulutsa anzake ndi kuwawerenga belu likalira. Mnigeria uja, amene anangobwera kudzaonerera, anakweza dzanja n'kunena kuti pansanjika yathu pali munthu wodziwa kale zinthuzi. Onse anaomba m'manja. Anandiveka chovala chachikasu chonyezimira, anandipatsa tochi ndi kabuku ka maina.

Chovalacho chinandikhala bwino, zimenezo sindikana. Ndinapempha mnzangayo kuti andijambule nditaima pafupi ndi chozimitsira moto, nkhope ili yolimba. Ndinatumiza pa gulu la banja osalembapo kanthu.

Malume anaimba madzulo omwewo.

"Mphwanga, taona. Bwanji osanena kuti walowa m'boma la kumeneko?"

"Si ntchito, malume. Kungoti pa hositelo pano..."

"Usadzichepetse, ife timanyadira. Amayi ako alira ndi chimwemwe. Ozimitsa moto a ku England amalandira bwino, ndafunsa kale anthu odziwa. Tsono pali kankhani kakang'ono. Nyumba ya abusa yafika padenga, malata atsala 40, a geji 28. Usavutike kuyankha lero. Dzina lako alilengeza kale m'tchalitchi."